ULENDO WA KU LILONGWE KUKAONA ALONGO ANGA AMENE ANAYAMBA KUIWALA

Abale anga a kumudzi, mwezi wa Juni, titatha kukolola ndi kuika chimanga m'nkhokwe, ndinalandira uthenga wochokera ku Lilongwe. Mwana wa alongo anga amene amakhala ku Kawale anati, "Amalume, bwerani msanga, amayi sali bwino." Nditamufunsa ngati ndi malungo kapena chifuwa, iye anati, "Iyayi, thupi lili bwinobwino ndipo nsima akudya, koma mutu ndi umene wasokonezeka." Pakuti ine ndine mwini mbumba, sindikanachitira mwina. M'mawa mwake ndinamanga kathumba ka ufa ndi ka mtedza, ndi kukwera minibasi kuchokera kwathu kufupi ndi Nkhoma, kudzera pa Kamphata, pa Nathenje ndi pa Nanjiri, mpaka kulowa mumzinda.

Achikulire amakumbukira kuti Lilongwe anali kaboma kakang'ono ka masitolo owerengeka. Koma m'chaka cha 1975 likulu la dziko linachoka ku Zomba ndi kubwera kumeneku, ndipo pa kalembera wa 2018 anapeza kuti mumzindawu munali anthu 989,318. Ambiri a iwowa ndi ana athu omwe, ndipo ena anatengako makolo awo kumudzi. Nchifukwa chake ndaganiza zokuuzani zimene ndinaona, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ku Kawale

Alongo angawo anawatengera ku Kawale zaka zisanu zapitazo, alamu anga atamwalira. Ndinawapeza atakhala pamkeka kukhonde. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati mwaulemu, "Mwaswera bwanji bambo? Kwanu nkuti?" Awa ndi anthu amene anandibereka kumsana ndili khanda. Mtima wanga unasweka. Koma nditatchula dimba lathu la kumtsinje, anayamba kundiuza mayina a onse amene tinkachita nawo malire zaka 50 zapitazo, osaphonya ndi mmodzi yemwe. Zakale akuzidziwa, koma zimene adya m'mawa sazikumbukira.

Chimene anandiitanira ndi ichi. Tsiku lina mbandakucha anatuluka pageti anthu ali m'tulo, ndipo anakapezeka pakhomo pa eni ake, atanyamula kamtengo paphewa, akuti akupita kudimba. Anthu anasonkhana, ena ndi kumafuula kuti mfiti yagwa pa lichero. Mwayi wake panali mayi wina wa kutchalitchi amene anawazindikira ndi kuwaperekeza kunyumba.

Mwana wawo anali atapita nawo kale kuchipatala. Adokotala anati matendawa dzina lake ndi dimenshiya, ndipo ndi matenda a ubongo. Ubongo umafota pang'onopang'ono, kotero kuti munthu amaiwala zatsopano, amasochera panjira yoidziwa, amalephera kuwerenga ndalama, ndipo potsiriza saadziwa ngakhale ana ake. Mtundu wofala kwambiri umatchedwa Alzheimer, potengera dzina la dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, amene anaufotokoza m'chaka cha 1906. Mtundu wina umabwera timitsempha ta magazi ta muubongo tikatsekeka kapena kuphulika. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati m'chaka cha 2021 anthu okwana 57 miliyoni anali ndi matendawa, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse anali m'mayiko osalemera. Chotero si matenda a Azungu okha ayi.

Mankhwala ochiziratu matendawa sanapezeke. Ukalamba ndiwo umawaitana kwambiri, ndipo ena amatengera kumtundu. Koma si nkhalamba zonse zimene zimadwala. M'chaka cha 2024 gulu la akatswiri linalemba m'nyuzi ya madokotala yotchedwa The Lancet kuti pali zinthu 14 za m'makhalidwe athu ndi za malo amene timakhala zimene zimakolezera matendawa, ndipo kuti zonsezo zitachotsedwa, pafupifupi odwala 45 mwa 100 alionse akadapewa matendawa kapena akadachedwa kudwala. Tsono ine ndinayenera kuyendera mbumba yonse imene inabalalika mumzindamu, kuti timvane chochita ndi mayi athuwa, ndipo poyendapo zinthu 14 zija ndinaziona ndi maso.

Zina ndinazipeza pakhomo pomwepo. Kumudzi alongo anga ankadzuka ndi khasu, ankatunga madzi, ankasinja, ndipo tsiku silinkatha osacheza ndi anzawo. Ku Kawale anawauza kuti, "Amayi, mwavutika kokwanira, tsopano pumulani." Ana akapita kuntchito ndi adzukulu kusukulu, iwo ankatsala okha mumpanda wa njerwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, chisoni cha amuna awo chili mumtima, popanda wokamba naye. Kukhala osagwiritsa ntchito thupi, kusowa anthu ocheza nawo, ndi kukhumudwa kwa nthawi yaitali, zonse zitatuzi zili m'gulu lija. Anawo anachita zimenezi mwa chikondi, ndipo sindinawadzudzule.

Chachinayi ndi kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri amati BP. Kuchipatala anapeza kuti magazi awo ndi okwera kwambiri, ndipo mwina anakhala choncho zaka zambiri osadziwa, pakuti matendawa kawirikawiri samva kuwawa. Amangoononga mitsempha mwakachetechete monga chiswe m'phaso. Kafukufuku wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti m'Malawi muno munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi magazi okwera. Mchere ukachuluka umakweza magazi. A WHO amati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi kosadzaza bwino, kuwerengera ndiwo zonse za tsikulo. Nanga ife amene timathira mchere mumphika, ndi kuikanso wina pambali pa mbale?

Ku Biwi

Kuchoka ku Kawale kupita ku Biwi ndi pafupi, ndipo ndinayenda pansi kukaona mdzukulu wina amene amakonza magalimoto pa Biwi Triangle. Kumeneko kuli magalaja ndi masitolo a zitsulo za galimoto mbali zonse. Ena akusula, ena akudula zitsulo, ena akuliza injini, kotero kuti pokambirana tinkachita kukuwa. Mdzukuluyo ali ndi zaka 30 zokha, koma ndinaona kuti amatembenuza khutu limodzi pomvera.

Phokoso lalikulu la tsiku ndi tsiku limapha makutu, ndipo akafa motero sadzukanso. Kugontha ndi chimodzi mwa zinthu zazikulu m'gulu lija, pakuti munthu wosamva bwino amatopa ndi kufunsa kuti "mwati bwanji?", ndiye amayamba kudzipatula, ndipo ubongo umasowa chochita. Musati izi nza m'tauni zokha. Anyamata a m'zigayo zathu amakhala m'phokoso lotere tsiku lonse, ndipo ayenera kuvala zotsekera m'makutu. Mwana akamatuluka mafinya m'khutu, pitani naye kuchipatala, musathiremo mafuta kapena masamba. Munthu wamkulu akayamba kugontha akapimitse, chifukwa nthawi zina ndi phula chabe limene latseka, ndipo kwa ena kuli timakina tothandiza kumva.

Pamsewu wa ku Biwi ndinaonanso njinga zamoto za kabaza zikuthamanga pakati pa magalimoto, zina zitanyamula anthu atatu, mitu ili pamtunda popanda chipewa cholimba chija. Bala la pamutu limapola kunja, koma ubongo ukagwedezeka kwambiri zotsatira zake zingaoneke patapita zaka. Njinga zimenezi zafika kale m'midzi mwathu, choncho pokwera funsani chipewacho. Ndipo inu amene mumamenyana pamowa, kapena kumenya mkazi ndi ana m'mutu, dziwani kuti mukuononga chinthu chosasokeka.

Ku Area 23

Tsiku lachitatu ndinakwera minibasi ya ku Area 23, dera lalikulu la nyumba zothithikana, kumene kumakhala mwana wachiwiri wa alongo anga. Pafupi ndi nyumba yake ndinapeza madoda atazungulira bawo pansi pa mtengo wa mango. Amene ankadya anzake onse anali mkulu wina woposa alongo anga zaka. Ankawerenga nkhomo mumtima dzanja lisanagwire, ndipo sanalakwitse. Pocheza anandiuza kuti amayenda pansi kupita kukamunda kake kunja kwa mzinda, amaimba kwaya, ndipo madzulo amawerengera adzukulu ake buku. Anatinso zaka zapitazo maso ake anachita ng'ala, nasiya zonsezi, koma atamuchotsa ng'alayo kuchipatala anabwerera pabawo.

Sindinganene kuti bawo ndi mankhwala, pakuti alipo ena ochenjera ndi ochezeka amene amadwalabe. Koma akatswiri aja anaika kusaona bwino ndi kuchepa kwa maphunziro m'gulu la zinthu 14. Ubongo uli ngati nkhokwe: amene anaikamo zambiri pa ubwana ndi pa ukulu amachedwa kugwa m'njala ngakhale anankafumbwe alowemo. Alongo anga sanapite kusukulu chifukwa ankalera ife. Kuyambira 1994 sukulu za pulayimale nzaulere, choncho tisatulutse mwana m'kalasi, makamaka wamkazi, kuti akalere mnzake kapena akakwatiwe. Akuluakulu nafenso tisachite manyazi ndi sukulu ya kwacha. Kunena za ng'ala, imachotsedwa pa opaleshoni yaifupi. Ku Nkhoma kuli chipatala chodziwika pa za maso, ndiponso ku Kamuzu Central kuli cha maso. Gogo asakhale mumdima poganiza kuti ndi ukalamba basi.

Ku Chinsapo

Kuti ndikafike kwa mwana wawo wamkazi ndinabwerera kudepoti, ndi kuoloka mtsinje wa Lilongwe, ndi kutsata msewu wa ku Likuni mpaka ku Chinsapo. Panjira tinakumana ndi anthu akukankha njinga zosenza matumba a makala ndi nkhuni, zambiri zochokera kunkhalango ya Dzalanyama. Dzuwa litapendeka ndinaona kumene zimathera. Khomo lililonse linayatsa mbaula, ena akutentha zinyalala ndi mapepala a pulasitiki, ndipo utsi unagona pamwamba pa nyumba ngati nkhungu. Pakuti kunali kozizira, ambiri analowetsa mbaula m'nyumba ndi kutseka zitseko, chinthu chimene chingaphe banja lonse usiku umodzi.

Mpweya woipa uli m'gulu lija. Tinthu ta muutsi ntating'ono kwambiri kotero kuti timadutsa m'mapapo ndi kulowa m'magazi. Pamenepa ndinakumbukira khitchini ya alongo anga kumudzi, yopanda zenera, denga lake lakuda bii ndi mwaye. Anaphikamo pamafuwa zaka zoposa 50, misozi ili chuchuchu. Mwaye umene uli kudengawo ndi womwewo umene amayi athu amapuma. Boolani mazenera m'khitchini, phikirani panja kukakhala kopanda mvula, gwiritsani nkhuni zouma, ndipo yesani chitetezo mbaula, imene imaumbidwa ndi dothi ndipo imadya nkhuni zochepa.

Usiku umenewo mwana wamkaziyo anandiuza mawu amene anandisowetsa tulo. Anati, "Amalume, ine amayi ndimawafuna, koma ndikuopa. Akadzatuluka usiku kuno, anthu sadzafunsa kuti ndi mayi a yani." Mantha ake si opanda pake. M'mwezi wa Januwale 2016, ku Neno, nkhalamba zinayi zinaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo pozinamizira ufiti, mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Munthu wodwala matenda oiwala amayenda usiku chifukwa sasiyanitsa usana ndi usiku, nthawi zina amavula chifukwa waiwala za zovala, ndipo mukamuopseza amavomera chilichonse chimene mwamufunsa. Mafumu ndi inu nonse, dziwani kuti lamulo la m'chaka cha 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mukapeza gogo wosochera, mukhazikeni pansi, mufunditseni nsalu, mupatseni madzi, ndipo funani abale ake.

Ku Area 25 ndi ku Mgona

Otsala a mbumba amakhala kumpoto kwa mzinda, choncho ndinakwera minibasi yodzera ku Kanengo, kumene kuli mafakitale, nkhokwe zazitali za chimanga ndi msika wa fodya, mpaka ndinafika ku Area 25. Dera limeneli lili ndi mbiri pa nkhani yathuyi. Kuyambira 2013 mpaka 2016 bungwe lofufuza za umoyo la MEIRU linapima anthu akuluakulu pafupifupi 29,000, ena a ku Area 25 ndi ena a kumidzi ya ku Karonga, kuti lifananize tauni ndi mudzi. Linapeza kuti amayi 44 mwa 100 alionse a m'tauni anali onenepa kupitirira muyeso, pamene kumudzi anali 27. Abambo a m'tauni anali 18, a kumudzi 9. Matenda a shuga anali ochulukirapo m'tauni, koma pa kuthamanga kwa magazi mudzi sunasiyane kwenikweni ndi tauni, ndipo ambiri mwa odwalawo sankadziwa kuti akudwala.

Chifukwa chake sichisowa. Pamsika uliwonse pali chiwaya cha chipisi ndi nyama yokazinga, mandasi ndi zakumwa zotsekemera, ndipo paulendo waufupi womwe munthu amakwera njinga. Kunenepa kwambiri, shuga, ndi mafuta oipa a m'magazi, zonsezi zimaononga mitsempha yodyetsa ubongo. Kwathu timati munthu akanenepa ndiye kuti akusungidwa bwino, koma mimba yaikulu si chuma.

Mgona ali pafupi ndi Kanengo, ndipo nyumba zake nzothinana, tinjira take ntating'ono. Kumeneko kuli malonda aakulu a mtedza, ndipo ndinaona amayi atakhala m'mizere akusankha mtedza wochokera m'minda yathu yomwe. Ndinaganiza kuti ife alimi timagulitsa chakudya chabwino ndi kukagula choipa. Nsinjiro, nyemba, nandolo, chisoso, bonongwe, nkhwani, usipa ndi mgaiwa ndi zakudya zokomera mtima ndi mitsempha, ndipo chokomera mtima chimakomeranso ubongo. Sungani gawo la banja musanagulitse, koma mtedza wa chuku tayani.

Mwana wotsiriza wa alongo anga ndinamupeza kumeneko dzuwa lili pamutu, atakhala pa kachasu, ndudu ili kukamwa. Mowa wambiri umapha ubongo mwachindunji, umakweza magazi, ndiponso umagwetsa munthu ndi kumuvulaza mutu. Fodya amaumitsa mitsempha, kaya ndi wa m'sitolo kaya ndi chingambwe chopichira tokha. Ambiri a ife timalima fodya kuti tipeze ndalama, koma palibe lamulo loti wolima azisutanso. Wosiya kusuta amapindula ngakhale atasiya ali wamkulu. Ndinadikira kuti mowa umuchoke, ndipo m'mawa ndinamuuza zimenezi monga malume wake.

Zimene tinagwirizana

Lamulungu tonse tinakumana ku Kawale, pakuti mutu umodzi susenza denga. Tinagwirizana kuti alongo anga abwerere kumudzi, kumene njira, mitengo ndi nkhope za anthu akuzidziwa, chifukwa wodwala matendawa amakhazikika mtima pamalo ozolowera. Adzakhala ndi mwana wa mng'ono wawo, ndipo a m'tauni adzatumiza thandizo mwezi ndi mwezi, ndi kumabwera mosinthana kuti wosamalayo azipumako. Mankhwala a BP tidzakatenga kuchipatala osadumphitsa. Ndinalonjeza kukafotokoza kwa amfumu ndi kumpingo kuti mudzi wonse udziwe kuti mayiwa akudwala, kuti wowaona akusochera aziwabweza.

Tsopano ali kwathu. Sanachire, ndipo masiku ena amandifunsabe kuti kwathu nkuti. Sitikangana nawo kapena kuwayesa mafunso, timangowauza modekha. Koma amatongola chimanga ndi anzawo, amasesa pabwalo, ndipo nyimbo za kutchalitchi amaimba osaphonya.

Musaganize kuti tauni ndiyo yoipa ndipo mudzi ndi wabwino. Kumudzi tili ndi khasu, ndiwo zamasamba ndi anthu ocheza nawo, koma tilinso ndi utsi, mchere, kachasu ndi ana osiya sukulu. M'tauni zipatala zili pafupi, koma muli mipanda yotsekera nkhalamba. Matenda amene amaoneka pa zaka 70 amayamba kufesedwa pa zaka 40, ngakhale kale kuposa apo. Chotero inu a zaka zapakati, mukapita kuchipatala pemphani kuti akupimeni BP ndi shuga ngakhale musakumva kuwawa. Wachikulire akayamba kuiwala mwachilendo, fulumirani naye kuchipatala, pakuti kuiwala kwina kumadza ndi matenda ena ochizika. Ndipo madzulo ano, mukatha kudya, pitani mukakhale pang'ono ndi gogo amene amagona yekha kumapeto kwa mudzi.

Ine khitchini ya kwathu ndaboola kale mazenera awiri. Tsalani bwino.